Munthu wa Udzu M'balani ya Fodya

Pamudzi wina wa m'mapiri a Ntchisi, mtunda wa theka la ola kuchokera pamsika wa Kasakula, panali banja la a Kachigamba. Bambowa anali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya wa chikopa, uja wofukiza ndi utsi m'balani mpaka kuda bii. Akazi awo, a Nankhoma, anali mayi wa mvano wosajomba. Pakhomo pawo sipankamveka mawu otukwana, ndipo m'mawa uliwonse asanatole makasu ankayamba aimba kaye nyimbo imodzi ndi kupemphera. Mwana wamwamuna anali mmodzi yekha, Gideoni, wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo chaka chimenecho cha 1991 anali mu Sitandade 8.

Gideoni anali ndi chinthu chimene anyamata ambiri amachifuna koma osachipeza, ndicho bwenzi lenileni. Dzina lake linali Elifala, mwana wa mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo. Awiriwa anaweta mbuzi limodzi, anayamba sukulu tsiku limodzi, ndipo chimanga chootcha ankachithyola pakati ngakhale chichepe bwanji. Elifala anali wamfupi, wofatsa, wakuthwa m'mutu. M'kalasi nambala wani inali yake chaka ndi chaka, ndipo aphunzitsi sankakayika kuti asankhidwa kupita kusekondale. Mayeso anali atatsala miyezi inayi.

Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wailesi yakanema. Choncho mnyamata wina wamkulu dzina lake Alexio atabwerako ku Joni ndi bokosi la vidiyo, jenereta ndi makaseti odzaza chikwama, Kasakula yense anagwedezeka. Anachita lendi chipinda kuseri kwa chigayo, natseka mawindo ndi masaka, naikamo mabenchi. Akuluakulu ankawaonetsa za nkhonya. Koma masana, ana akaweruka, ankaika makatuni, zithunzi zojambula pamanja koma zoyenda ndi kuyankhula, zimene anajambula pa kanema wa kunjako.

Katuni imene anyamata anapenga nayo inali ya ana asukulu atatu a m'tauni ina yakutali. Ana a pa Kasakula anawapatsa mayina awoawo. Wamtali wochenjera uja anali Nsungwi, wamfupi wonenepa anali Chigubu, ndipo mtsikana anali Namagalasi. Atatuwa sankasiyana. Ankathawa m'kalasi, kunamiza makolo, kutchera aphunzitsi misampha, kenaka pomaliza n'kugwirana m'mapewa kumaseka. Chigubu ndiye ankaona zakuda. Ankagwa kuchokera padenga n'kuphwatalala, koma posakhalitsa ankadzuka ali bwinobwino, n'kuyambanso kuthamanga.

Zoyankhula zinali m'Chingerezi chothamanga chotulukira m'mphuno, choti ngakhale a hedimasitala sakanachigwira. Ndiye Alexio ankaima pambali pa bokosilo n'kumamasulira mokweza. Ngati ankachimvadi Chingerezicho adziwa ndi Mulungu, koma ine ndimakayika.

Tsiku lina Gideoni anatumidwa kuchigayo. Ali pamzere anamva phwete la anzake kuseri, ndipo khosi lake linayamba kutalika.

"Lowa, mfana," anatero Alexio ali pakhomo. "Lero ana a akulu a mpingo akulowa ulere."

"Abambo safuna, achimwene."

"Abambo ako ali pano? Chimanga chako chili pamzere, sichimera miyendo."

Analowa. M'katimo munali thukuta ndi fungo la petulo, koma bokosi lija linkawala mitundu imene Gideoni anali asanaionepo. "Apa Nsungwi akuti, makolo anadya kale unyamata wawo, asatidyere wathu!" anafuula Alexio, ana onse n'kuwomba m'manja. "Apa akuti, mnzako weniweni ndi amene amakubisa!" Gideoni anaseka mpaka nthiti kuwawa. Anafika kwawo ufa uli pamutu dzuwa litapendeka, nauza mayi ake kuti chigayo chinafa. A Nankhoma anamumvera chisoni, namusungira ndiwo zambiri.

Mlungu wotsatira anakokera Elifala komweko. Nayenso anaseka ndithu, pakuti zinthuzo zinali zoseketsadi, tisanamizane. Koma pobwerera anati, "Kamodzi kakwana. Tili ndi masamu."

"Iwe sukuona?" anatero Gideoni maso ali gwa. "Aja ndi ife! Ine ndine Nsungwi, iwe ndiwe Chigubu."

"Ine ndine Elifala," anayankha mnzakeyo, n'kupitiriza ulendo.

Zaulere zinatha tsiku loyamba lomwelo. Gideoni atabwereranso chimanjamanja, Alexio anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Nanga nkhuku za amayi ako siziikira? Ine mazira ndimalandira." Kuyambira pamenepo mazira anayamba kusowa m'khola la a Nankhoma. Mlandu unagwera galu wawo, Kambuku. Anaphika dzira, nalitsekera m'kamwa mwa galuyo lili lotentha kuti aleke kuba, monga amachitira pamudzi. Amene anagwira miyendo ya Kambuku akulira anali Gideoni yemweyo, ndipo nkhope yake sinasinthe.

Kukalasi ya ubatizo analeka kupita. Aphunzitsi a kalasiyo akafunsa Elifala kuti mnzako ali kuti, iye ankangoweramitsa mutu. Kunama sankatha, kuulula sankafunanso.

Bodza linaphulikira m'thumba la kabudula. A Nankhoma akuchapa anapeza zikamba za dzira zitamatirira m'katimo.

"Gideoni, dzira limeneli linalowa lokha m'thumbamu?"

A Nankhoma anamuonetsa zikambazo, napitiriza.

"Galu uja tinamuotcha pakamwa iwe utamugwira. Sunamve kanthu mumtima? Mwana wanga, dzira si kanthu. Chimene chikundiopsa n'choti unatha kuona wina akulangidwa m'malo mwako, iwe n'kudya bwinobwino tsiku limenelo."

A Kachigamba anamuitana pansi pa mtengo wa mango. Sanatenge chikoti. "Ndamva kumene ukupita," anatero modekha. "Zimene ukukaonazo anajambula ndi munthu atakhala pampando. Akalakwitsa amafufuta n'kujambulanso. Nanga iwe ukalakwitsa, adzafufuta ndani?"

"Ndamva, abambo. Sindidzapitakonso."

Anakhala masiku anayi osapita. Lachisanu anapita.

Tsopano kuonera kokha kunasiya kumukwanira. Ankafuna kuti anzake amuseke ndi kumutama monga ankachitira ndi Nsungwi. Tsiku lina analawirira kusukulu, nadzaza chitini ndi madzi a phulusa, nachisanjika pamwamba pa chitseko cha kalasi monga anaonera pa vidiyo. Iye analowera pawindo. A Chisale, aphunzitsi awo, atakankha chitseko, chitini chinawagwera pamutu. Palibe anaseka, chifukwa m'mphepete mwa chitinicho munali mothwa, ndipo magazi anatsika pamphumi kusakanikirana ndi phulusa.

A hedimasitala anafunsa amene amafika m'mawa kwambiri. Aliyense ankadziwa kuti ndi Elifala, chifukwa ndiye ankasesa ndi kupukuta bolodi.

"Elifala, ndiwe?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Ukumudziwa amene wachita?"

Elifala anali atamuona Gideoni akutunga madzi aja. Anatembenuka n'kumuyang'ana. Gideoni anali kalikiliki kusongola pensulo yosongoka kale.

"Popeza wasankha kukhala chete," anatero a hedimasitala, "ulandira zake."

Anamukwapula zikoti zisanu ndi chimodzi pamaso pa sukulu yonse, namupatsa chitsa cha mtengo wa bulugamu kuti azule. Masana a tsiku lachitatu Gideoni anamupeza ali m'dzenje mpaka m'chiuno.

"Aise, wachita za Chigubu weniweni! Umenewu ndiye ubwenzi."

Elifala anaika khasu pansi, namuonetsa matuza m'manja. "Chigubu ndi wojambula, Gideoni. Ine zikoti zija ndinazimva. Ndipo sindinakhale chete kuti ndikubise. Ndimadikira kuti uimirira wekha."

"Zinali zoseka chabe."

"Wandiona ndikuseka? Usadzandiikenso m'zinthu zako."

Apa Gideoni manyazi anamugwira ndithu, ndipo dzanja lake linayamba kupita ku khasu lija kuti athandize. Nthawi yomweyo jenereta inalira kumsika. Anati abweranso posachedwa, ndipo sanabwere.

Mwezi wa Epulo unafika, nthawi yofukiza fodya. Balani ya a Kachigamba inali yamitengo yomata ndi dothi, denga laudzu, ndipo m'katimo fodya wa chaka chonse anali lendelende pamikangala, mitengo yopachikapo fodya, kuchokera pansi mpaka kudenga. Pansi panali maenje atatu momwe zikuni zaziwisi zinkanyeka pang'onopang'ono. Ntchito ya wolondera inali imodzi yokha, ndipo Gideoni ankaidziwa kuyambira ali wamng'ono. Fodya amafuna utsi, safuna lawi. Lawi likangodzuka, umawaza madzi.

Loweruka lina a Kachigamba anaitanidwa kumsonkhano wa akulu a mpingo kutali. A Nankhoma nawo anayenera kupita kubwalo la sukulu kukaphunzira nyimbo za chipani, ndipo masiku amenewo apampando akaitana, munthu sunkanena kuti ndili ndi fodya pamoto.

"Balani ndakusiyira iwe," anatero bambo ake akukwera njinga. "Usachoke, ngakhale pang'ono. Azakhali ako azikusuzumira akamapita kumadzi."

Koma dzulo lake Alexio anali atalengeza pamsika kuti wabwereka kaseti yatsopano ku Lilongwe, aonetsa Loweruka masana basi, Lamulungu akabweza. "Wophonya adzangomva kwa anzake," anatero, akuyang'ana Gideoni.

M'mawa wonse Gideoni anakhala pakhomo la balani mtima uli kumsika. Vuto linali azakhali aja, amene njira yawo ya kuchitsime inkadutsa chapatali pang'ono moyang'anana ndi khomolo. Kenaka anakumbukira zimene Nsungwi anachita mlungu wathawo pothawa kwawo, pamene anaika zovala pabedi kuti makolo aziti wagona. Gideoni anadumpha ndi chimwemwe. Anatenga buluku lake, juzi yake yofiira imene mudzi wonse unkaidziwa, ndi chipewa. Anazipakira udzu wouma, namanga ndi luzi, nagoneka munthu wa udzuyo pa thumba m'kati mwa balani, miyendo yokha ikuonekera pakhomo. Ataima panjira ya kuchitsime n'kuyang'ana, anaseka yekha. Anali iyeyo ndithu, atatsamira khoma, akulondera moto mokhulupirika.

Chinatsala n'choti moto usazime iye kulibe, chifukwa bambo ake akanadziwa. Zikuni zaziwisi zimafuna kusonkhezera pafupipafupi. Choncho anathira zitsononkho zouma ndi nkhuni za kukhitchini m'maenje onse atatu, zambiri ndithu, kuti zifike madzulo. Mwana wa mlimi wa chikopa, wodziwa bwino lomwe chimene nkhuni zouma zimachita! Koma nzeru zake zonse zinali zitathera pa buluku lija. Anadzera kuseri kwa nkhokwe, nathamanga.

Kaseti inali pakati, ana akugubuduka ndi phwete, pamene chitseko chinatsegulidwa mwamphamvu.

"Kwa a Kachigamba kukupsa!"

Gideoni sanadziwe kuti watuluka bwanji. Ali pachitunda anaona utsi wakuda utaima njo pamwamba pa mudzi wawo. Anathamanga akupunthwa, akupemphera pemphero lopanda mutu, loti fodya yekha apse koma bambo asadziwe chifukwa chake.

Anapeza denga litagwa kale. Amuna anali ataima ndi zidebe zopanda ntchito, amayi akulira. Atangotulukira, anthu ena anabwerera m'mbuyo. Azakhali ake anamuyang'ana pakamwa pali yasa.

"Gideoni? Uli moyo? Nanga uja anali ndani?"

Pamenepo ndi pamene anaona anthu ataunjikana pansi pa mtengo wa mango. Elifala anali gone pamphasa, tsitsi litawauka, manja onse awiri atakulungidwa m'chitenje chonyowa. Sankalira, ankangonjenjemera mano akugundana. Pambali pake panali buluku lopserera theka, udzu ukutuluka m'miyendo. Chapatali panali mapepala a mayeso akale atamwazika panjira. Ngakhale anali atakwiya, Elifala anali atawabwereka kwa aphunzitsi, ndipo ankabwera kuti adzawerenge ndi mnzake.

"Ndine ndinakuwa," anatero azakhali akudziguguda pachifuwa. "Ndinaona miyendo pakhomo, ndinati mwana wagona m'katimo, utsi wamukomola. Amuna onsewa anaima, moto unali utagwira kale denga. Uyu anangoponya mapepala n'kulowa. Mikangala yoyaka inamugwera, iye n'kumaikankha ndi manja. Watuluka atakumbatira chimenechi, chikuyaka, osachisiya. Tachita kumulanda."

Anthu anamunyamula Elifala pa ngolo. Gideoni anafuna kukwera nawo, koma mwamuna wina anamukankha ndi chigongono osamuyang'ana n'komwe.

A Kachigamba anafika phulusa likufukabe. Anaima nthawi yaitali atagwira njinga. Gideoni anagwada patsogolo pawo, akudikira chikoti, ndipo kunena zoona ankachilakalaka.

"Dzuka," anatero bambo ake. "Fodya ndidzalima wina. Koma manja a mwana wa mwini ndikawatenga kuti?"

Patapita mlungu, Gideoni anayenda wapansi kupita kuchipatala cha kuboma. Mayi a Elifala anali atakhala pakhonde la wodi. Iye anawapatsa moni mwaulemu, koma iwo sanayankhe moniyo.

"Lowa," anatero. "Adokotala akuti zala za kumanja zakwinyika, cholembera sagwira chaka chino, kaya chaka chamawa. Lowa ukaone wekha."

Elifala anali chagada, manja atakwezedwa pa mapilo, okulungidwa mpaka m'zigongono. Anali ataonda. Gideoni anaima kumiyendo kwa bedi.

"Ukudziwa chimene chinandidabwitsa?" anayamba Elifala ndi mawu otsika. "Nditakunyamula, unali wopepuka. Ndinati, moto wamudya kale mnzanga, watsala pang'ono. Ndinkathamanga nawe ndikulira, Gideoni. Ndinkaitana dzina lako. Ndinkalirira udzu."

Gideoni anagwa pansi pa simenti, nalira mokweza mpaka odwala ena kutembenuka. "Undikhululukire, Elifala. Ndichita chilichonse. Ndizikulembera, ndizikudyetsa."

"Ndakukhululukira. Abusa anabwera dzulo, ndipo ndinanena zomwezo pamaso pawo, sindinaname." Anatembenukira kukhoma. "Koma usamabwere. Ndikakuona ndikumamva fungo la utsi."

Gideoni analapa, ndipo kulapa kwake kunali koona. Lolemba anaima pamzere wa sukulu, nanena yekha za chitini chija, a Chisale ali pomwepo ndi chipsera chawo. Lamulungu anaima pamaso pa mpingo, naulula za mazira, za galu, za munthu wa udzu. Kwa Alexio sanapondekonso. Alexio naye sanataye tulo ndi nkhaniyi. Anati iye amangoonetsa zithunzi, satuma munthu, ndipo mabenchi ake anapitiriza kudzaza.

Mayeso atafika, Gideoni analemba desiki ya pambali pake ili yopanda munthu. Elifala atatuluka m'chipatala, mayi ake anamutengera kwa abale awo ku Dowa, ndipo sanabwererenso kutsidya kwa dambo.

Inu anyamata ndi atsikana, kuseka si tchimo, ndipo katuni payokha siluma munthu. Tchimo la Gideoni linali kunyoza mawu a makolo, kuba, kunama, ndi kuyesa mnzake chidole choti chizilandira zikoti m'malo mwake. Tchimo limayamba ngati masewera, ndipo kawirikawiri amene amayamba kupsa si wochimwayo ayi, koma munthu amene amamukonda koposa. Mulungu amakhululuka, anthu abwino amakhululukanso, koma chikhululukiro sichibweza chimene chaonongeka. Muleke pamene mayi anu akuchenjezani koyamba.

Gideoni analemba makalata asanu ndi awiri kupita ku Dowa. Chaka chitatha, yankho limodzi linabwera. Anang'amba envulopu. Munali mizere itatu yokha, yonena kuti ali bwino, kusukulu sanabwerereko, ndipo amamupempherera. Pansi pake panali dzina la Elifala, koma zilembo zonse, ngakhale za dzinalo, zinali za dzanja la munthu wina.